Kuwerenga mbiri ya nkhondo ndi kusamala timabuku takale ta zithunzi

Yambani ndi nkhondo imene inachitikira pa nyanja yathu yomweyi ya Malawi. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Gwendolen inaombera ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, ndipo mu Seputembala kunali nkhondo ku Karonga. Jambulani mapu a nyanja, muikepo Nkhotakota, Karonga ndi Liuli, muzilembapo masiku mukamawerenga. Popanda mapu mumasokonezeka msanga.

Onaninso amene analemba buku limene mukuwerengalo. Mkulu wa asilikali wachizungu amatamanda anzake, atengatenga omwe anasenza katundu n'kufera m'njira amangowatchula modutsa. Tsegulani kumapeto kwa buku, pa mndandanda wa mayina, mufufuze King's African Rifles, gulu la nkhondo la Angerezi momwe munali asilikali athu.

Timabuku ta zithunzi ta nkhondo totchedwa Commando, tomwe tinayamba ku Scotland mu 1961, n'tongosangalatsa. Musatengemo mbiri: asilikali athu amene anamenya nkhondo ku Burma mu 1944 simuwapezamo kawirikawiri.

Kunyanja kuno mdani wamkulu wa timabukuti ndi chinyezi. Timapini ta pakati timachita dzimbiri n'kudya pepala, ndiye tiwongoleni ndi nsonga ya mpeni, mutichotse, musoke ndi ulusi woyera m'mabowo omwewo. Selotepi ayi, imasanduka yachikasu n'kusiya ulimbo. Kabuku kakanyowa, kayanikeni pamthunzi kali kotsegula, chifukwa dzuwa limapinda masamba. Kukatsekera m'jumbo kasanaume n'kuitana nkhungu. Sungani pashelefu yapamwamba yosakhudza khoma, chiswe chingakutsirizireni, ndipo nthawi ya dzinja muzitiyang'ana mwezi uliwonse.