Tsitsi la wovina: momwe mungalidayire ndi kulimangira kuti lisasasuke pabwalo

Kuno ku Salima maukwati ambiri amachitika dzuwa litafika poswa mtengo, kuyambira Seputembala mpaka Novembala mvula isanagwe. Operekeza akwati amatha masabata akuphunzira masitepe, telala amapatsidwa nsalu pa nthawi yake, koma tsitsi amalikumbukira Lachisanu madzulo. Zotsatira zake timaziona tonse m'holo: nyimbo yachiwiri isanathe jelo wasungunuka, wigi yapendekeka, dayi wakuda akutsika ndi thukuta mpaka pa kolala yoyera. Tsitsi la munthu wokavina, kaya pa ukwati kaya pa mpikisano, silikonzedwa mofanana ndi la munthu wokakhala pampando.

Anthu ovina ballroom, gule wa awiriawiri ogwirana, pa mpikisano anazindikira izi kalekale. Ku Blackpool ku England, komwe mpikisano wawo waukulu unayamba mu 1920, akazi ambiri ovina waltz, tango ndi quickstep amaligoneka tsitsi n'kulimangirira kuti khosi lionekere bwino kwa oweruza, komanso kuti potembenuka lisamenye mnzawo kumaso. Njira zawo zimathandizanso kwa ife, bola tizisinthe molingana ndi tsitsi lathu komanso kutentha kwa kunyanja kuno.

Yambani ndi kalendala

Werengani masiku chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku lovina. Ngati mumathira mankhwala owongola tsitsi, thirani kutatsala masabata atatu. Kenako dikirani masabata awiri musanadaye. Mankhwala awiriwa akakumana tsiku limodzi tsitsi limafooka n'kuyamba kuduka, ndipo ngakhale wa pa saluni atakuuzani kuti palibe vuto chifukwa nthawi yatha, musalole. Dayi alowe kutatsala sabata imodzi, kuti mupeze mpata wotsuka m'mutu kamodzi kapena kawiri n'kuchotsa utoto wotsalira womwe umadetsa zovala.

Musanadaye, muyeseni dayiyo pakhungu kutatsala maola 48. Apa ndipamene anthu ambiri amadumpha, pomwe ndipo pali ngozi yeniyeni. Madayi ambiri okhalitsa, makamaka akuda, amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD, omwe matupi a anthu ena sagwirizana nawo. Sakanizani pang'ono chabe, pakani kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono motsatira zolembedwa pa kapepala ka m'bokosi, kenako muziyang'ana pamalopo kwa masiku awiri. Pakayabwa, pakafiira, pakatupa kapena pakatuluka matuza, dayi ameneyo musamuike kumutu. Muyese ngakhale mtundu womwe munagwiritsapo ntchito chaka chatha, chifukwa thupi limatha kuyamba kukana chinthu chimene poyamba linkachilola. Samalaninso ndi ufa wakuda wogulitsidwa m'timapepala pamsika, umene amati ndi henna. Henna weniweni amapereka mtundu wofiirira. Wakuda bii nthawi zambiri amakhala wothiridwa PPD yemweyo. Mukadaya n'kuona nkhope kapena zikope zikutupa, kapena kupuma kukuvuta, tsukani msanga n'kuthamangira kuchipatala.

Pa nkhani ya mtundu, ine ndimakonda wakuda kapena wofiirira mozama ngati vinyo, chifukwa magetsi a m'holo akawala tsitsi lotere limanyezimira, ndipo pa vidiyo mzere wonse wa operekeza umaoneka waudongo. Amene akufuna tsitsi loyererako asathamangire bleach, mankhwala oyeretsa tsitsi. Madzi osakanizira dayi aja ali ndi mphamvu zosiyana: olembedwa 20 ali ndi peroxide 6 peresenti, a 30 ali ndi 9, a 40 ali ndi 12. Tsitsi lowongoledwa kale ndi mankhwala silipirira mphamvu zapamwambazi, limatsalira m'chipeso. Njira yabwino ndi kugula mesh yokhala kale ndi mtundu womwe mukufuna. Onani nambala pa paketi: 1 ndi yakuda bii, 1B ndi yakuda ngati tsitsi lachibadwa, 4 ndi yabulauni, 27 imapita ku mtundu wa uchi, 99J ndi ya vinyo, 613 ndi yoyera kwambiri. Ngati muli gulu, mutume munthu mmodzi akagule zonse kamodzi pa Kamuzu Road kapena ku Lilongwe, za kampani imodzi, chifukwa 27 ya kampani ina siifanana ndendende ndi ya inzake.

Podaya pawokha sipavuta. Musakande m'mutu kapena kutsukamo dzulo lake. Valani magolovesi, pakani Vaseline m'mphepete mwa chipumi, m'makutu ndi kunkhongo, sakanizirani m'mbale ya pulasitiki osati yachitsulo. Gawani tsitsi panayi, pakani chigawo chimodzi chimodzi, ndipo nthawi yolembedwa pa bokosi ikakwana tsukani mpaka madzi atayera. Kuonjezera mphindi kumatha kuwotcha khungu. Sabata imeneyo musakasambire ku Senga Bay mutu uli pamtunda, dzuwa ndi madzi zimasulutsa dayi watsopano.

Kamangidwe kopirira thukuta

Sitayilo yodalirika kuposa zonse ndi yokokera tsitsi kunkhongo n'kulizunguliza ngati nkhata. Ikakhala m'munsi siigwedera, pomwe yomangidwa pa liwombo imalemera ndipo imakoka mutu potembenuka. A tsitsi lachibadwa alimange ndi ulusi usiku wake kuti litambasuke popanda moto. Zimenezi zimakupulumutsaninso magetsi akazima m'mawa wa tsikulo.

Nyowetsani tsitsi pang'ono, pakani jelo wochepa, pesani ndi bulashi molunjika kunkhongo, onjezerani jelo pang'ono n'kupesanso. Jelo wothiridwa mulu kamodzi sauma mkati, ndiye amene amasungunuka. Musanapake, sakanizani pachikhatho kadontho ka jelo ndi mafuta amene mumadzola kumutu. Zikachita timibulu toyera, dziwani kuti kumutu kudzaonekanso ngati mfundu, ndiye tsiku limenelo mafutawo muwasiye. Mukamanga ndi kalamba, kulungani mutu ndi mpango woterera mothinitsa pang'ono kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, mpaka jelo atauma gwa.

Tsopano mapini. Wokutirani mesh kapena tsitsi lanu kuzungulira pomanga paja, vekani kaukonde kopyapyala ka mtundu wa tsitsilo, ndiyeno lowetsani mapini. Pini yolowa yokha imatuluka yokha. Lowetsani awiriawiri mopingasana, mbali ya mizeremizere ija itayang'ana kukhungu, ndipo pini iliyonse igwire mesh ndi tsitsi lanu lenileni la pansi. Mukawapopera sipuleyi musanawalowetse amagwira kwambiri. Maluwa ndi timiyala tonyezimira tisokereni pa kaukonde ndi singano ndi ulusi, musangotibaya.

Wigi ndimaiopa pa gule wothamanga. Guluu ndi thukuta la mwezi wa Okutobala sizigwirizana. Ngati simungachitire mwina, lukani mizere pansi n'kuisokerera wigiyo ndi ulusi, kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo. Amene asankha kuluka mesh yaitali aluke kutatsala masiku atatu kapena anayi kuti ululu uyambe watha, ndipo povina aisonkhanitse kumbuyo. Chingwe cha mesh chikamumenya mnzanu m'diso potembenuka, masitepe onse aja asokonekera pomwepo.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa mtima ndikachiona pa atsikana ang'onoang'ono, ngakhale ana omwaza maluwa. Olukawo amakoka titsitsi ta pachipumi mpaka khungu kutukuka, poganiza kuti kuthina ndiko kulimba. Kukoka kotereku kukamachitika mobwerezabwereza kumazula tsitsi la m'mphepete, ndipo pakapita nthawi silimeranso. Mukaona tiziphuphu m'mphepete mwa chipumi, mutu ukuwawa, kapena mwana akulephera kugona chifukwa cha ululu, masulani. Chimene chimagwira tsitsi povina ndi mapini oikidwa bwino ndi jelo wouma. Uzani wolukayo mwaulemu asanayambe kuti, "Achemwali, ta kutsogoloti mutisiye tomasuka."

Abambo nawo: metani kutatsala masiku awiri, kuti mabala a lezala apole thukuta lisanawalowe, ndipo onetsetsani kuti makina apukutidwa ndi spirit. Utoto wakuda wojambulira mzere wa pachipumi umene ometa ena amapaka ukanike, chifukwa ndi womwe umayamba kutsika. Wofuna kubisa imvi adaye kutatsala sabata yathunthu, atayesa kaye pakhungu monga tanenera.

Yesani tsikulo lisanafike

Pa pulakatisi yomaliza, mmodzi kapena awiri a gululo abwere atamanga tsitsi ndendende momwe lidzakhalire. Avine nyimbo zonse mpaka kumapeto, masana kukutentha, osati madzulo kutazizira. Akamaliza aweramitse mutu, augwedeze uku ndi uku, wina ayang'ane kumbuyo. Pomwe pasunthapo ndi pofunika mapini ena. Pukutaninso khosi ndi kansalu koyera muone ngati dayi akutulukabe. Akatuluka, tsukaninso m'mutu.

M'mawa wa tsikulo valani malaya a mabatani pokonzetsa tsitsi, kuti povula musadutsitse chovala kumutu. Ngati mukukwera kabaza kapena kumbuyo kwa lole, duku lisachoke mpaka mutafika pakhomo la holo, chifukwa fumbi limamatirira pa jelo, ndipo m'miyezi ya mwera mphepo yokha imatha kusasula ntchito ya maola awiri. Munthu mmodzi wosavina asunge kachikwama ka mapini, kaukonde kapadera, sipuleyi ndi kathaulo. Thukuta la pachipumi muzilipukuta mosindikiza kathauloko, osati mokhula.

Mukabwerera kunyumba, ngakhale mutatopa chotani, chotsani mapini onse musanagone ndipo masulani kalamba. Tsitsi louma ndi jelo musalipese, limathothoka. Linyowetseni kaye ndi madzi ofunda mpaka lifewe, tsukani ndi shampu, pakani conditioner n'kuisiya kwa mphindi zingapo, kenako pesani ndi chipeso cha mano otalikirana kuyambira kunsonga kupita kumizu. Ngati Loweruka lotsatira kuli ukwati wina, musadayenso. Sinthani mtundu wa mesh basi.