Momwe mungasankhire yunivesite ya boma yophunzitsa za mafashoni pa mtengo womwe banja lingakwanitse

Mwana akati akufuna kuphunzira za mafashoni, makolo ambiri amathamangira kuyerekeza fizi za masukulu n'kusankha yomwe ili yotsika. Fizi ndi gawo limodzi chabe la ndalama zomwe maphunzirowa amadya. Mosiyana ndi wophunzira zamalamulo kapena zowerengera ndalama, wa mafashoni amagula nsalu, zida ndi kompyuta yamphamvu, ndipo chaka chomaliza amasoka zovala zingapo zachionetsero ndi ndalama za m'thumba mwake. Choncho chofunika kuwerengera ndi ndalama zonse kuyambira tsiku lolowa mpaka tsiku lolandira digiri, komanso zomwe mwanayo adzakhale atadziwa kuchita ndi manja ake akamatuluka.

Yambani ndi kudziwa mbali yomwe mwana akufuna

Dzina loti mafashoni limakuta maphunziro atatu osiyana kwambiri. Oyamba ndi okonza masitayilo a zovala: kujambula, kudula mapatani, kuumba nsalu pa chidole choyezera ndi kusoka. Achiwiri ndi a malonda a zovala: kusankha zoti sitolo iode, kuika mitengo, kuwerengera katundu ndi kutsatsa. Amenewa amafuna masamu kuposa lumo. Achitatu ndi a luso la nsalu ndi kapangidwe ka zovala m'fakitale: ulusi, utoto, kuluka, kuyesa kulimba kwa nsalu ndi kayendetsedwe ka makina.

Musangomva zomwe mwana akunena, onani zomwe amachita akakhala yekha. Kodi amasula chovala chakale kuti aone momwe anachisokera? Kodi amakonda kugula ndi kugulitsa? Kapena amakhoza bwino sayansi ndipo amafunsa chifukwa chomwe nsalu ina imasuluka ikachapidwa? Ana ambiri amalembetsa zokonza masitayilo chifukwa ndi zomwe amaziona pa Instagram, kenaka amasintha chaka chachiwiri atazindikira kuti sakonda kukhala maola asanu ndi limodzi pa makina. Kusinthako nthawi zambiri kumawonjezera semesita kapena chaka chathunthu, ndipo ndalama zake mumalipira ndinu. Ngati n'kotheka, mwana akhale milungu ingapo kwa telala waluso kapena atenge kosi yaifupi yosoka musanalipire chilichonse ku yunivesite.

Masukulu nawonso ali ndi mbali zomwe amadziwika nazo. Ku America, Wilson College of Textiles ya North Carolina State University imadziwika ndi sayansi ya nsalu, pomwe Kent State University ku Ohio ili ndi zonse ziwiri, kukonza masitayilo ndi malonda. Sukulu ikhoza kukhala yabwino kwambiri koma yosagwirizana ndi zomwe mwana wanu akufuna.

Dziwani fizi yomwe inuyo mudzalipire

Yunivesite ya boma imatchipira anthu omwe boma lake limawaona kuti ndi ake. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amapusitsika, chifukwa nambala yomwe imaoneka poyamba pa tsamba la sukulu kawirikawiri ndi ya eni dera.

Ku America, pafupifupi yunivesite iliyonse ya boma ili pansi pa chigawo chake, ndipo wochokera chigawo china kapena dziko lina amalipira kawiri, mwinanso katatu. Fashion Institute of Technology ya ku New York, yomwe inayamba mu 1944 ndipo ili m'gulu la State University of New York, ndi yotsika mtengo kwa okhala m'chigawo cha New York, koma osati kwa aliyense. Zigawo zambiri zimafuna kuti banja likhale litakhalako miyezi 12, ndipo kusamukirako chifukwa cha sukulu sikuwerengedwa. Thandizo la boma lodzera pa fomu ya FAFSA ndi la nzika ndi ena ochepa ovomerezeka, osati ophunzira obwera pa viza.

Ku Britain kulinso fizi ziwiri, ya eni dziko ndi ya akunja, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Ku Germany mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi ya maphunziro, amangotenga kandalama ka semesita, ngakhale kuti chigawo cha Baden-Württemberg chinayamba mu 2017 kulipiritsa ochokera kunja kwa European Union ma euro 1,500 pa semesita. Vuto la kumeneko ndi lakuti madigiri ambiri oyamba amaphunzitsidwa m'Chijeremani, ndiye chaka chophunzira chilankhulo chiyenera kulowa m'mawerengedwe. Ku South Africa, University of Johannesburg, Durban University of Technology ndi Cape Peninsula University of Technology ndi ena mwa masukulu a boma ophunzitsa mafashoni. Ku India kuli National Institute of Fashion Technology, yomwe boma linakhazikitsa mu 1986 ndipo ili ndi nthambi m'mizinda yambiri.

Lemberani ofesi ya zachuma ya sukulu iliyonse ndi kufunsa gulu lomwe mwana wanu ali. Yankho likhale lolembedwa, osati la pa foni.

Werengerani zaka zonse pa pepala limodzi

Tengani masukulu asanu kapena asanu ndi limodzi, sukulu iliyonse mzere wake. Lembani fizi ya chaka, ndalama zowonjezera za situdiyo (chipinda chodulira ndi kusokera zovala) kapena labu, malo ogona, chakudya, mayendedwe, inshuwalansi ya zaumoyo, ndi zida. Chulukitsani ndi zaka zenizeni za pulogalamuyo, ndipo muonjezerepo pang'ono chaka chilichonse chifukwa fizi ndi lendi zimakwera.

Malo ogona ndi omwe amasintha chithunzi kwambiri. Sukulu ya fizi yotsika mumzinda ngati New York kapena London imatha kudula kuposa ya fizi yokwererapo m'tauni yaing'ono, chifukwa lendi imalipidwa mwezi ndi mwezi. Funsani ngati sukulu imatsimikizira ophunzira malo m'hositelo zaka zonse kapena chaka choyamba chokha.

Zida zimafunika kuzilemba chimodzi ndi chimodzi. Chaka choyamba pamafunika lumo la nsalu ndi lina la mapepala, tepi yoyezera, marula owongoka ndi okhota, mapini, choko, mapepala a mapatani, mabuku ojambulira, ndi mamita ambiri a nsalu yoyera yotchipa yomwe amayesera chovala asanadule nsalu yeniyeni. Nsalu yoyeserayi imatha msanga kuposa momwe makolo amaganizira, chifukwa chovala chimodzi chimatha kusokedwa katatu chisanakhale bwino. Kuyambira chaka chachiwiri pamafunika laputopu yotha kunyamula mapulogalamu ojambulira zovala ngati Adobe Illustrator ndi CLO 3D. Funsani ngati chilolezo cha mapulogalamuwa chili mu fizi kapena wophunzira amalipira yekha. Funsaninso ngati mwana ayenera kukhala ndi makina osokera ndi chidole choyezera zakezake.

Chaka chomaliza ndicho chodula. Wophunzira amagula nsalu zabwino, mazipi, mabatani ndi zoikira mkati, amalipira wojambula zithunzi, nthawi zina ndi ovala zovalazo pa chionetsero. Funsani dipatimenti kuti amafuna zovala zingati komanso ngati pali thumba lothandiza kapena makampani opereka nsalu. Ophunzira a chaka chomaliza ndi omwe angakuuzeni zoona pa nkhaniyi kuposa kabuku kotsatsa sukulu.

Sikolashipi muichotse pa chiwerengerocho pokhapokha mwawerenga malamulo ake. Zina ndi za chaka choyamba chokha, zina zimatha mwana akatsika magiredi. Ngongole si kuchotsera mtengo, muilembe payokha pamodzi ndi chiwongola dzanja chake. Malipiro oyambira pa ntchito za mafashoni sakhala okwera, ndiye ngongole yonse isapitirire zomwe mwanayo angalandire m'chaka chake choyamba cha ntchito. Musadalirenso kuti ganyu idzalipira fizi. Ku America viza ya ophunzira imalola maola 20 pa sabata nthawi ya maphunziro, kawirikawiri pa sukulu pomwepo, ndipo ntchito ya situdiyo imadya madzulo ndi masiku opuma omwe.

Tsimikizani kuti digiriyo ndi yovomerezeka

Onani dzina la sukulu ndi la pulogalamu pa mndandanda wa bungwe loona za maphunziro apamwamba la dziko lomwe sukuluyo ili. Ku South Africa ndi Council on Higher Education ndi South African Qualifications Authority (SAQA). Ku America yunivesite yonse imavomerezedwa ndi bungwe lounika masukulu, ndipo madipatimenti ena a zaluso alinso ndi chivomerezo cha NASAD, bungwe lounika masukulu a zaluso. Onaninso ngati ndi digiri kapena dipuloma, komanso ngati dipulomayo imalola kupitiriza.

Unikani maphunziro enieni ndi zipinda zogwirira ntchito

Pemphani mndandanda wa maphunziro a semesita iliyonse ndi kuwerenga kuti ndi angati omwe mwana agwire nsalu. Pulogalamu yokonza masitayilo yabwino imakhala ndi kudula mapatani kwa masemesita angapo, kuumba nsalu pa chidole, kusoka kwa mafakitale, kusintha patani imodzi kukhala masaizi osiyanasiyana, kudziwa nsalu, ndi kulemba chikalata cha miyezo ndi malangizo chomwe fakitale imatsatira posoka. Chikalata chimenechi olemba ntchito amachifuna kwambiri, ndipo omaliza maphunziro ambiri ojambula bwino amasowa ntchito chifukwa sadziwa kuchilemba. Ngati mndandanda wadzaza ndi mbiri ya zovala ndi kujambula koma mapatani ndi semesita imodzi yokha, sukuluyo ndi yofooka ngakhale itchuke bwanji.

Mukapita kukaona sukulu, kapena akakuonetsani pa vidiyo, werengani makina. Funsani kuti makina a mafakitale osoka mowongoka alipo angati, a ovaloko (osoka m'mphepete mwa nsalu) angati, matebulo odulira ndi zidole zingati, ndipo kalasi imodzi imakhala ndi anthu angati. Kalasi ya anthu 30 pa makina 10 imatanthauza kudikirana, ndipo nthawi ya mayeso ena amasoka usiku kapena kulipira telala wakunja. Funsani ngati pali mmisiri wokonza makina wokhazikika, chifukwa makina owonongeka osakonzedwa ndi chimodzimodzi kusakhalapo. Funsaninso maola omwe situdiyo imakhala yotsegula kunja kwa nthawi ya kalasi.

Pali mafunso awiri omwe makolo ambiri safunsa. Loyamba: kodi kulandiridwa ku yunivesite ndi kulandiridwanso ku mafashoni? M'masukulu ena ophunzira amaunikidwa pakutha pa chaka choyamba ndipo ena okha ndi omwe amapitirira. Dziwani kuti amatenga angati ndipo otsalawo amapita kuti. Lachiwiri: kodi phunziro la situdiyo limabwera kangati pa chaka? Maphunzirowa amatsatana, lachiwiri silitheka popanda loyamba. Ngati limabwera kamodzi pa chaka, kulephera kamodzi kumachedwetsa mwana chaka chonse.

Funsani za kuphunzira ntchito m'makampani

Ntchito yoyamba kawirikawiri imachokera ku kampani yomwe wophunzira anakaphunzirako ntchito ali pa sukulu. University of Cincinnati ya ku America, yomwe inayambitsa mu 1906 njira yosinthanitsa semesita ya m'kalasi ndi ya ku ntchito, imatenga zaka zisanu pa digiri ya mafashoni chifukwa cha njirayi, koma wophunzira amatuluka atagwirapo kale ntchito m'makampani. Chaka choonjezera choterechi n'chosiyana ndi chaka chobwereza, ndipo muchiwerengere mosiyana.

Funsani ngati sukulu ndiyo imapezera ophunzira malo kapena aliyense amadzisakira, ngati amalipidwa, komanso ngati fizi imalipidwabe m'semesita imeneyo. Malo osalipidwa mumzinda wodula ndi ndalama inanso yomwe banja liyenera kukonzekera. Pemphani mndandanda wa makampani omwe analemba omaliza maphunziro m'zaka zitatu zapitazi ndi maudindo omwe anawapatsa. Kugulitsa m'sitolo ya zovala ena amakuwerengera ngati ntchito ya mafashoni, choncho funsani dzina la udindo weniweni.

Ganizirani njira ya zaka ziwiri kenaka ziwiri

Kuyamba pa koleji yotchipa ya zaka ziwiri kenaka kusamukira ku yunivesite kumachepetsa ndalama, koma pokhapokha pali mgwirizano wolembedwa pakati pa masukulu awiriwo. Maphunziro ngati Chingerezi ndi masamu amasamutsika mosavuta, pomwe a situdiyo nthawi zambiri amakanidwa kapena amafuna kuunikidwanso, ndipo mwana amayambiranso chaka choyamba. Ku Fashion Institute of Technology njirayi ili mkati momwemo: wophunzira amayamba ndi pepala la zaka ziwiri, kenaka amafunsiranso malo a zaka ziwiri zomaliza digiri. Ubwino wake ndi wakuti ndalama zikavuta pakati, mwana amakhala ali ndi pepala m'manja.

Konzani ntchito zoonetsa ndi makalata nthawi ikadalipo

Masukulu ambiri okonza masitayilo amafuna portfolio, kutanthauza ntchito zosankhidwa zoonetsa luso la mwana. Kukonza kuyambe pafupifupi chaka tsiku lotsekera lisanafike. Sukulu iliyonse ili ndi malangizo ake, ina imatchula chiwerengero cha zithunzi, ina imapereka ntchito yapadera yoti ofunsira onse achite. Kutumiza portfolio imodzi ku masukulu onse osawerenga malangizo ndi chifukwa chimodzi chomwe ana aluso amakanidwira.

Muikemo zojambula zoonera chinthu chenicheni, masamba a buku loonetsa momwe ganizo linakulira kuchokera pa chiyambi mpaka pa chovala, tizidutswa ta nsalu zomwe anasankha, ndi zovala zomwe mwanayo anasoka yekha. Chovala chijambulidwe kutsogolo, kumbuyo ndi pafupi pa msoko, pa khoma loyera ndi kuwala kwa masana. Musalole telala kapena wachibale kumusokera, aphunzitsi amazindikira akafunsa momwe kolala inalumikizidwira.

Lembani pa kalenda masiku otsekera atatu a sukulu iliyonse: la fomu yofunsira malo, la portfolio ndi la sikolashipi, chifukwa la sikolashipi nthawi zambiri limafulumira. Funsirani masukulu osachepera anayi, pakhale imodzi yomwe banja lingalipire popanda thandizo lililonse. Makalata olandira mwana akabwera, bwererani ku pepala lowerengera ndalama lija, ikani ndalama zenizeni zomwe sukulu iliyonse yalonjeza, ndipo ngati ina yomwe mwana akuifuna yatsala pang'ono kufikirika, lemberani ofesi ya zachuma ndi umboni wa zomwe banja limapeza kupempha kuti aunikenso thandizo musanalipire ndalama yosungira malo.