Musanagule chithunzi chodinda cha ku Japan, yambani mwachitembenuza

Ambiri mukawaonetsa chithunzi chotchuka cha funde lalikulu cha Hokusai, wojambula wakale wa ku Japan, amangoti aaa ndinachiona pa tisheti, osadziwa kuti sichojambula ndi burashi chimenechi, n'chodinda. Hokusai ankajambula papepala, wina n'kugoba pathabwa la mtengo wa cherry, wina n'kudinda ndi manja, mtundu uliwonse thabwa lakelake. Ndiye mawu oti orijino asakupusitseni, ankadinda zambirimbiri mpaka thabwa kuperepeseka.

Chinthu choyamba, tembenuzani pepalalo. Chodinda ndi manja utoto wake umalowerera mpaka kuonekera kumbuyo, komanso mumaona tizizindikiro tozungulira ta baren, kachida kamene wodinda amatikitira pepala. Pepala lake ndi washi, lopangidwa ndi makungwa a mtundu wina wa mabulosi, lofewa koma lolimba. Kumbuyo kukakhala koyera mbee ngati pepala la fotokope, bwezani ndalama m'thumba basi. Mukhalenso ndi kagalasi kokuzira, zodinda pa makina zimaoneka timadonthomadontho.

Kenako mizere. Zodindidwa koyambirira mizere yake imakhala yakuthwa, zodindidwa pambuyo pake imadukaduka poti thabwa latopa, ndipo kuthambo muoneko bokashi, kuja mtundu umayamba wakuda bii n'kumazilala pang'onopang'ono, apa ndi pamene Hiroshige, wojambula wina wa ku Japan, amanditengera mtima ine makamaka mvula yake ija m'zithunzi za msewu wa Tokaido za m'ma 1833, mumachita kumva kuzizira. Wodinda waulesi ankaidumpha bokashi imeneyi.

Za mitengo tisanamizane. Funde la Hokusai limodzi linagulidwa madola oposa 2.7 miliyoni ku Christie's, kampani yogulitsa zinthu pa okushoni, mu 2023, izo tiiwale kaye. Yambirani kwa Kawase Hasui, anamwalira mu 1957, wojambula wa zithunzi za chipale chofewa ndi akachisi usiku. Zake zambiri anafalitsa ndi Watanabe Shozaburo, koma matabwa oyambirira anapsa pa chivomerezi cha 1923, n'chifukwa chake zisanafike chakacho n'zodula zedi pomwe zodindidwa Hasui atamwalira zimagwirika. Funsani wogulitsa kuti chidindo cha wofalitsa cha m'mphepete n'cha nthawi iti. Apo ayi a kampani ya Adachi ku Tokyo amagobanso matabwa atsopano a zithunzi zakale n'kudinda ndi manja, ndipo sabisa kuti n'zatsopano.

Mukafika nacho kunyumba dzuwa ayi, utoto wake suchedwa kufwifwa. Chinyezi chimabweretsa madontho ofiirira. Selotepu kapena guluu musayerekeze, ndipo m'mphepetemo osadula olo pang'ono, mtengo umagwa pompo. Mu fulemu pepala lisakhudze galasi.