Momwe mungathetsere mantha oyendetsa galimoto kudziko la eni

Dalaivala amene anazolowera msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza, amene amadutsa pa Lizulu tsiku la msika njinga zonyamula kachewere zikutulukira uku ndi uku, ndipo amayenda m'chifunga cha mwezi wa Juni osachita ngozi, luso ali nalo kale. Komabe abale athu ambiri akafika ku Johannesburg kapena ku London amatha chaka chathunthu osagwira chiwongolero. Inenso tsiku loyamba kulowa mumsewu waukulu wa N1 ku South Africa m'manja munadzaza thukuta, minibasi ikundiimbira hutala kumbuyo, mpaka ndinaima pamalo olowera penipeni, pomwe sipayenera kuimidwa.

Yambani ndi mapepala, chifukwa mantha ambiri amachokera pa kuopa apolisi a pamsewu. Ku South Africa amalola layisensi yakunja ngati inalembedwa m'Chingerezi ndipo ili ndi chithunzi komanso siginecha ya mwini wake. Ku Britain layisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuchokera pomwe munthu wakhazikika, kenako amayenera kulemba mayeso ndi kuyesedwa pamsewu. Onetsetsaninso kuti inshuwalansi ya galimotoyo ikukulolani inuyo kuyendetsa, makamaka ngati mwabwereka kwa m'bale.

Zikatero, khalani kaye pampando wa kutsogolo wina akuyendetsa kwa sabata ziwiri, foni ili m'thumba, maso ali pamsewu. Yang'anitsitsani pomwe amayatsira indiketa ndi pomwe amasinthira mzere. Apa mpomwe mudzaone malamulo amene kwathu sitikumana nawo kawirikawiri. Ku South Africa kuli mphambano zambiri zomwe mbali zonse zinayi zili ndi chikwangwani choimitsa, ndipo amene wayamba kufika ndi kuima ndiye amayamba kudutsa. Maloboti akazima chifukwa cha magetsi, lamulo lomweli ndilo limatsatidwa. Liwiro lololedwa kumeneko ndi makilomita 60 pa ola m'tauni, 100 kunja kwa tauni, ndi 120 m'misewu ikuluikulu. Ku Britain zikwangwani zimalembedwa m'mamailosi, choncho 30 ya kumeneko ndi makilomita pafupifupi 48.

Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain amayenda kumanzere ngati ife. Amene ali ku America, ku Israel kapena ku Dubai ali ndi ntchito yowonjezera, pakuti kumeneko ndi kumanja, ndipo pokhota pamphambano yopanda galimoto zina mpomwe manja amabwerera ku chizolowezi cha kwathu. Kumbukirani kuti dalaivala nthawi zonse amakhala mbali ya pakati pa msewu.

Ulendo wanu woyamba ukhale Lamulungu m'mamawa, waufupi, wopita kumalo omwe mumawadziwa kale monga kutchalitchi kapena kusitolo, ndipo muubwereze mpaka mtima utasiya kugunda. Ine ndimalangiza kulipira mphunzitsi wa sukulu yoyendetsa galimoto maulendo awiri kapena atatu m'malo modalira mnzanu wa kumudzi, chifukwa mnzanuyo amadera nkhawa galimoto yake, ndipo akakuwa mantha anu amangowonjezeka.

Msewu waukulu ukhale womalizira. Polowamo, kwezani liwiro pakanjira kolowerako kuti lifanane ndi la galimoto zomwe zili kale mkati, yatsani indiketa, yang'anani pagalasi ndi kucheuka pang'ono, kenako lowani osazengereza. M'maiko oyenda kumanzere khalani mumzere wa kumanzere, ndipo wofulumira akupitirireni yekha. Hutala yake isakuchititseni kuponda mafuta mopitirira momwe mungathere. Mukaphonya potulukira, musaime kapena kubwerera m'mbuyo. Pitirizani mpaka potulukira pena, mupeze filing'i siteshoni, muime, mumwe madzi, ndipo mukatsitsa mtima muyang'anenso njira pafoni musanalize injini.