Mpweya wa m'chipinda cha khanda nthawi yozizira ku UK

Chisanu cha ku UK chikayamba mu Novembala, ambirife timatseka mazenera onse, n'kuyanika tizovala ta mwana pa radiator (chitsulo chapakhoma chotenthetsa nyumba) m'chipinda chomwecho chimene khanda limagona. Timati tikuteteza mwana ku mphepo. Koma madzi a m'zovalazo amakwera mumpweya n'kukatera pakhoma lozizira. Pakangopita milungu ingapo mumaona madontho akuda kuseri kwa kabati kapena m'mbali mwa zenera. Imeneyo ndi nkhungu, ndipo mapapo a khanda sangalimbane nayo.

Musaitenge mwachibwana. Mu Disembala 2020, Awaab Ishak, mwana wa zaka 2 wa ku Rochdale, anamwalira chifukwa chopuma nkhungu ya m'nyumba ya lendi, makolo ake atadandaula kambirimbiri. Imfa imeneyi ndiyo inabala lamulo la Awaab's Law, lomwe kuyambira mu Okutobala 2025 limakakamiza eni nyumba za khonsolo ndi za ma housing association (mabungwe obwereketsa nyumba zotsika mtengo) ku England kuchotsa nkhungu yoopsa msanga. Ife timaopa kudandaula, poganiza kuti mlendo sakweza mawu. Dandaulani ndithu, ndipo muzichita kulemba. Jambulani khomalo, tumizani imelo, sungani zonse. Mwini nyumba akamazengereza, kaoneni a khonsolo, ndipo muuzenso health visitor wanu, namwino woyendera mabanja a ana aang'ono.

Tsegulani zenera la chipinda cha khanda kwa mphindi 10 m'mawa uliwonse, mwana ali kwina. Zochapa yanikani m'bafa, chitseko chili chotseka, fani ikuyenda. Kabedi ka mwana kasagunde khoma lakunja, kasayandikirenso radiator. Kutentha kwa m'chipinda kwa madigiri 16 mpaka 20 Celsius n'kokwanira, ngakhale agogo pafoni azinena kuti mwana afunditsidwe mabulangete atatu. Kutentha kwambiri n'koopsa kwa khanda lomwe lili m'tulo.

Fodya, lubani ndi mankhwala opopera onunkhiritsa nyumba asalowe m'chipindamo.

Mbaula ya makala isalowe m'nyumba, zivute zitani, ngakhale bilu ya magetsi itakwera. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosanunkha komanso wosaoneka, womwe umapha anthu ali mtulo. Boiler (makina otenthetsa madzi ndi nyumba) yowonongeka imatulutsanso mpweya womwewu. Ku England, kuyambira mu Okutobala 2022, mwini nyumba ya lendi ayenera kuika alamu ya mpweyawu m'chipinda chomwe muli boiler. Ikalira, nyamulani mwana, tulukani panja, muimbe nambala ya ngozi za gasi, 0800 111 999.