Mukamakopera nyimbo mu fulashi, yang'anani liwiro

Anzanga amene mumaikira anthu nyimbo ndi mafilimu pa Nchalo, Ngabu mpaka ku Bangula, musamangoyang'ana kamzere kobiriwira kaja. Pa Windows 10 kapena 11, dinani pomwe palembedwa More details. Muona ma MB amene akudutsa pa sekondi komanso mafayilo otsala.

Mphindi zotsala zimene kompyuta imalemba musamazikhulupirire kwenikweni, imangoyerekeza potengera liwiro la nthawi imeneyo. Filimu imodzi ya 2 GB imatha msanga kuposa tinyimbo tambirimbiri tokwana 2 GB yomweyo, chifukwa fayilo iliyonse imatsegulidwa ndi kutsekedwa payokha. Ndiye musafulumire kuuza kasitomala kuti zatsala pang'ono, mungaoneke abodza.

Liwiro likamangokwawa, onani bowo lomwe mwalowetsamo fulashi. La USB 2.0 silipitirira pafupifupi 40 MB pa sekondi, pamene la USB 3.0, lomwe kawirikawiri limakhala labuluu mkati, limathamanga ngati fulashiyo nayonso ndi ya 3.0. Kutentha kwathu kuno mu Okutobala nakonso kumachedwetsa mafulashi ena, asamakhale padzuwa.

Ikafika 100%, dinani kaye Eject musanazule, apo ayi filimu itha kukakana kutseguka kunyumba.