Malangizo a ampu ya wufa yopanga nokha, nkhani ya ma ohm ndi mawatsi

Bwana amene anandipatsa ntchitoyi amagulitsa ma ampu aja omangirira kumbuyo kwa bokosi la wufa, ndiye poti makasitomala ake ambiri ndi a ku Chipata, Katete mpaka Lusaka, anati kabuku kamene kamabwera mu katoni ndikaike mu Chinyanja. Ine ndili kuno ku Mangochi, Chinyanja changa ndi cha kunyanja kwenikweni, pena tisiyana mawu, kwanuko ambiri mumati malaiti kuno timati magetsi, muzingodziwa kuti ndi chinthu chimodzi. Tsamba 1 ndi 2 sinditaya nawo nthawi, akungoti tsegulani katoni, onani ngati ampu ndi chingwe chake ndi masikuluwu zilimo, musaike pamvula, ana asaseweretse. Zimenezo mukuzidziwa kale.

Tsamba 3 ndi pamene payambira nkhani, ndipo apa ndalemba momwe zilili osasintha kanthu:

CHENJEZO. Chipangizo ichi chinapangidwa kuti chigwire ntchito ndi sipika ya impedance yosachepera 4 ohm. Kulumikiza sipika ya impedance yotsika kuposa pamenepa kungachititse chipangizo kutentha mopitirira muyezo, kuzima chokha kapena kuwonongeka, ndipo chitsimikizo cha wogulitsa chidzathera pomwepo.

Mawu akuti impedance ndinakhala nawo usiku wonse. Ndinayesa "kukana kwa magetsi", ndinayesa "chotchinga", zonse zimamveka ngati sipika ikuchita dala, ndiye ndangowasiya momwemo, komanso amisiri a mawailesi kuno amangoti ma ohm basi. Tanthauzo lake ndi loti sipika imalola magetsi ochuluka bwanji kudutsa mu koyilo yake, kawaya kokulungidwa kamene kali mkati mwa sipikamo. Chimene chimasokoneza anthu ndi choti nambala ikakhala yaing'ono ndi pamene ampu imavutika kwambiri. Taganizani za wa kabaza, 8 ohm wanyamula munthu m'modzi, 4 ohm wanyamula awiri, 2 ohm mwamuikira anthu awiri aja ndi matumba a chimanga pamwamba kenako mukumuuza kuti akwere chitunda. Apita ndithu koma safika patali.

Masamu ake si ovuta. Ampu ikamatulutsa mavoti 28, pa sipika ya 8 ohm pamadutsa ma ampiya 3.5 ndipo mawatsi amakhala pafupifupi 100. Mavoti omwewo pa 4 ohm ndi ma ampiya 7, mawatsi pafupifupi 200. Pa 2 ohm ndi ma ampiya 14, ndipo apa ndi pamene ma transistor amayamba kuphika. Onani kuti ndikunena ampu ndikamanena makina, ampiya ndikamanena kuchuluka kwa magetsi, mawu awiriwa anthu amawasakaniza kwambiri.

China chimene kabuku sikananene. Mukaika mita yanu pa sipika yolembedwa 4 ohm isonyeza mwina 3.2 kapena 3.6, ya 8 ohm isonyeza cha m'ma 6 kapena 7. Musabweze kwa wogulitsa kuti wakuberani, ndi momwe zimakhalira, mita imayeza waya wa koyilo sipika ili phee pomwe impedance imasintha malinga ndi kulira kwa nyimbo, pa manotsi ena imakwera kufika makumi angapo. Nambala yolembedwa pa maginito ndi yongoyimira. Koma mita ikasonyeza 0 kapena osasonyeza kanthu ndiye koyilo inapsa kale, musagule.

Tsamba 4 likukamba za wufa ya makoyilo awiri, imene pa katoni amalemba DVC. Muidziwa poti kumbuyo kwake kuli malo anayi olumikizira waya m'malo mwa awiri. Kabuku kakuti: "Makoyilo onse awiri ayenera kulumikizidwa. Sankhani series kapena parallel malinga ndi impedance imene ampu ikulola." Basi, ndi kachithunzi kosaoneka bwino. Ndiye ndifotokoze ndekha.

Series ndi kulumikiza mondondozana, waya wa + wochokera ku ampu upite pa + ya koyilo yoyamba, − ya koyilo yoyamba ipite pa + ya yachiwiri, − ya yachiwiri ibwerere ku ampu. Apa ma ohm amaphatikizana, 4 ndi 4 zikhala 8, 2 ndi 2 zikhala 4. Parallel ndi kumanga + zonse pamodzi ndi − zonse pamodzi, apa makoyilo ofanana amagawika pakati, 4 ndi 4 zikhala 2, 8 ndi 8 zikhala 4, 2 ndi 2 zikhala 1. Ndiye pa ampu iyi ya 4 ohm, ngati wufa simunagule, fufuzani ya koyilo imodzi ya 4 ohm, kapena DVC ya 2 ndi 2 muimange series. Vuto ndi loti ma wufa amene amapezeka kwambiri m'mashopu ndi a m'galimoto, ambiri ndi DVC ya 4 ndi 4, ndipo imeneyo ikupatsani 8 kapena 2, palibe 4. Sankhani 8. Ndikudziwa kuti mtima ukuwawa poti mawatsi atsika pafupifupi theka, koma theka la mawatsi ndi 3 dB yokha pa muyezo wa kukula kwa mawu, khutu limamva kuti zatsika pang'ono basi, si kuti bezi yatha. Ena amangolumikiza koyilo imodzi kuti apeze 4 ohm, imalira inde koma mphamvu imene wufa ingapirire imatsika ndipo bokosi limene munaliwerengera silikhalanso logwirizana nayo, ine sindingakulangizeni.

Ndinaziona ndi maso ku holo ina ya video show kuno kufupi ndi msika. Mwini wake anali ndi ma wufa awiri a 4 ohm pa ampu imodzi, anangopotokola mawaya onse pamodzi osadziwa kuti wapanga 2 ohm, masana a Okutobala denga la malata, mpira uli mkati anthu akukuwa, ampu inangotulutsa kafungo kaja ndi kuti zii. Anati ndi mfiti za holo ya mnzake. Sizinali mfiti.

Za bridge kabuku ka ampu iyi kalibe poti ndi ya chanelo imodzi, koma ndikudziwa kuti ena mwa inu mugwiritsa ntchito ampu yaikulu ya disko ya machanelo awiri, monga za Behringer kapena Crown, ndiye ndiwonjezere. Mukaiika pa bridge machanelo awiri amakhala ngati imodzi, ndipo chanelo iliyonse imamva theka la ma ohm a sipika. Wufa ya 8 ohm pa bridge chanelo iliyonse ikuona 4, wufa ya 4 ohm ikuona 2. Werengani kumbuyo kwa ampu, nthawi zambiri amalemba pomwepo kuti bridge ikulola ma ohm angati. Komanso ma ampu a disko ali ndi fani yaphokoso, mu holo simuimva koma pabalaza filimu ikafika pachete muzimva fuuu mpaka kutopa nayo. Ena amafunanso siginolo yamphamvu kuposa imene risiva ya m'nyumba, makina aja ogawa mawu a filimu ku masipika, imatulutsa pa chingwe cha RCA, ndiye mukaona kuti wufa ikulira mofooka ngakhale mwakweza, vuto lingakhale limenelo osati mawatsi.

Tsamba 5, kusankha mphamvu. Kabuku kakuti: "Yerekezani mphamvu ya RMS ya ampu ndi mphamvu ya RMS ya sipika pa impedance yofanana." Mawu ofunika apa ndi RMS, kutanthauza mphamvu imene chinthu chimatha kupereka kapena kupirira mosalekeza, osati ya kamphindi. Manambala aakulu aja olembedwa ndi zilembo zofiira pa katoni, PMPO kapena MAX kapena PEAK, ndi otsatsira malonda, kawailesi kokwana m'manja kolembedwa 3000W mukaona kotero ingosekani. Wufa yanu ikakhala 300W RMS, ampu ya pakati pa 250 ndi 400 RMS pa ma ohm omwe mwamanga ili bwino. Ndipo onetsetsani mawu akuti pa ma ohm omwewo, chifukwa ampu yolembedwa 500W pa 4 ohm sipereka 500 pa 8 ohm.

Anthu ambiri amaganiza kuti ampu yaing'ono singaotche wufa. Imaotcha. Mukaikweza kupyola pamene ingathe imayamba kudula nsonga za siginolo, chimene amati clipping, bezi imamveka yosweka ngati mukumenya chitini chobooka, koyilo imalandira mphamvu yambiri kwa nthawi yaitali osapuma ndipo imatentha mpaka guluu kusungunuka. Kanyali kofiira kolembedwa CLIP kakamayaka pafupipafupi tsitsani. Kabatani ka GAIN si voliyumu, ntchito yake ndi kufananitsa ampu ndi siginolo yochokera ku risiva, muike kamodzi ndi kukasiya, ndipo ngati m'nyumba muli achinyamata matanipo tepi.

Tsamba 6 ndi la mabatani. Chingwe cha RCA chichoke pa SUB OUT kapena LFE ya risiva kupita pa LFE IN ya ampu. Pa risiva ikani crossover, sefa yolola manotsi otsika okha kupita ku wufa, pa 80 Hz, ndi muyezo umene kampani ya za mawu a mafilimu ya THX inakhazikitsa ndipo ambiri amayambira pomwepo, kenako kabatani ka crossover ka pa ampu mukatembenuzire kumapeto kwa nambala yaikulu kuti zisasefe kawiri. PHASE ili ndi 0 ndi 180, khalani pampando pamene mumaonera, mnzanu asinthe, pamene bezi ikumveka yodzaza siyani pomwepo. Ngati bokosi lanu ndi la bowo, la payipi lija, yatsani subsonic filter, sefa yodula manotsi otsikitsitsa, chifukwa pansi pa notsi imene bokosi linachunidwira mpweya sugwiranso koni, mbale ya kutsogolo kwa wufa imene imagwedera ija, imangokupiza yokha ngati mbendera, ndipo mafilimu a mabomba ali ndi manotsi otsika kwambiri oti angaing'ambe. Bokosi lotseka konse silivuta chotero.

Za magetsi kabuku kangoti onani voteji, koma apa pakufunika kunena zambiri. Malawi ndi Zambia tonse tili pa 230V, 50 Hz. Ampu yochokera ku America imakhala ya 120V, ina ili ndi kaswichi kofiira kumbuyo ka 115 ndi 230, kayang'aneni musanalowetse pa soketi chifukwa ikapsa imapsa kamodzi. Malaiti akapita zimitsani ampu pa khoma, akabwera dikirani kaye pang'ono, nthawi yobwerayo ndi imene imapha zinthu. Amene mukufuna kugwiritsa ntchito ampu ya galimoto pa batire ya sola, zimatheka, koma dziwani kuti 500W pa mavoti 12 ndi ma ampiya opitirira 40, ndiye pakufunika waya wonenepa ndi fiyuzi pafupi ndi batire, osati timawaya ta nyali. Waya wopita ku sipika wa 2.5 mm² ndi wokwanira m'nyumba.

Kutentha musakuderere. Kuno Okutobala ndi Novembala chitsulo cha kumbuyo kwa ampu chimatentha ngakhale isanayambe ntchito, ndipo a ku Mfuwe ndi chigwa chonse cha Luangwa mukudziwa zimene ndikunena. Siyani mpata kumbuyo kwa bokosi, musalikanikize ku khoma, musaphimbe ndi kansalu ka maluwa kaja. Ma ampu a mtundu wa Class D satentha kwambiri ngati a Class AB, ngati muli ndi mwayi wosankha tengani D.

Mukamva kulira kwa mmmm kosalekeza ngakhale filimu isanayambe, yambani mwachotsa chingwe cha dikoda kapena cha dishi, nthawi zambiri phokoso limalowera kumeneko, kenako ikani risiva ndi ampu pa extension imodzi. Musadule phini ya earth pa pulagi ngakhale wina akuuzeni kuti zimathetsa, imeneyo ndi imene imakutetezani chitsulo chikagwira magetsi.

Musanatseke bokosi ndi masikuluwu yesani mawaya ndi batire ya tochi ya 1.5V, + ya batire pa waya wa +, − pa −, ingokhudzitsani kamphindi. Koni ikatuluka kunja mwamanga bwino, ikalowa mkati mawaya atembenuka, ndipo pa DVC ikangonjenjemera osasuntha ndiye koyilo imodzi mwaimanga chozondoka, makoyilo akukokerana. Kenako ikani mita, muone ngati nambala ikuyandikira imene munawerengera. Tsamba 7 ndi la chitsimikizo ndi adiresi ya fakitale, limenelo bwana anati alemba okha.